Liu la "Inauguration": Kumene Linacokera ndi Nchito Yake



Mphunzitsi wina wa Giredi 7 ku Cigawo ca Kum'mawa anatilembera kalata yofunsa za liu limodzi la Cingerezi. Anati ana a m'kalasi mwake analipeza m'nyuzipepala pansi pa cithunzi ca mtsogoleri wa dziko atakweza Baibulo m'mwamba. Patapita masabata owerengeka analipezanso, koma tsopano pansi pa cithunzi ca mlatho watsopano. Mwana wina anaimika dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi liu limodzi lingakwane bwanji munthu ndi mlatho womwe?" Liulo ndi "inauguration". Funso la mwanayo ndi lanzeru, ndipo kuti tiliyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 2,500, kunka ku mzinda wa Roma m'dziko la Italy, kumene liu limeneli linabadwira.

Ansembe openda mbalame

Aroma akale anali ndi mwambo wakuti nchito yaikulu ya mzinda siyambika milungu isanafunsidwe. Asanapite kunkhondo, asanasonkhane kuti apange malamulo, ngakhale asanaike munthu pa udindo, anali kuyamba afunsa ngati Jupiter, mulungu wao wamkulu, walola. Nchito yofunsayo inali m'manja mwa wansembe wochedwa "augur" m'Cilatini, cinenero ca Aroma. Poyamba ansembe otere anali atatu cabe. M'caka ca 300 Kristu asanabadwe anakhala 9, ndipo m'masiku a Julius Caesar anafika 16.

Wansembeyo anali kukwera pamalo oonekera patali, atafunda nsalu kumutu, m'dzanja muli ndodo yopindika kunsonga, yopanda mfundo. Ndi ndodoyo anali kulozera malire mumlengalenga, monga acitira nyakwawa podula malire a munda, ndipo akatero anali kukhala cete kudikira. Mbalame ikalowa m'malire aja, iye anali kuona mtundu wake, mbali imene yacokera ndi kumene yalowera. Ciombankhanga ndi muimba anali kuziweruza ndi kauluke kake. Khwangwala ndi kadzidzi anali kuziweruza ndi kulira kwake. Mphezi ndi bingu nazonso zinali zizindikiro.

Ife kuno sitingadabwe nazo zimenezi, pakuti kadzidzi akalira padenga usiku, akulu ena amati ndi malodza. Koma pali kusiyana kumene muyenera kukugwira. Wansembe wa Ciroma sanali woombeza ula wouza anthu za m'tsogolo. Funso lake linali limodzi lokha: kodi milungu yalola kuti cinthu ici cicitike lero? Yankho linali inde kapena iai. Likakhala iai, nchito inali kuima, ndipo anali kudzafunsanso tsiku lina.

Kucokera ku dzina la wansembeyu Aroma anapanga mneni wakuti "inaugurare". Tanthauzo lake loyamba linali kupenda zizindikiro za mbalame. Pambuyo pake linatanthauzanso kupatula munthu kapena malo, milungu itabvomera. Malo amene wansembe anawadulira malire motere anali kuchedwa "templum", ndipo ndiko kunacokera liu la Cingerezi lakuti "temple". Akulu a bwalo la Senate, amene anali aphungu a mzinda, sanali kuloledwa kusonkhana pamalo wamba, koma pokhapo pamene wansembe anapatula. Apa ndiye pali yankho loyamba la mwana uja: kuyambira kale lomwe mwambo unali umodzi, wa munthu ndi wa malo. Onse awiri anali kucotsedwa pa zinthu wamba ndi kuperekedwa ku nchito ya anthu onse.

Nanga dzina lakuti "augur" linacokera kuti? Olemba akale anali kuganiza kuti linacokera ku "avis", ndiye kuti mbalame. Akatswiri ambiri a zinenero masiku ano amati linacokera ku "augere", kutanthauza kukulitsa kapena kucurukitsa. Ku muzu womwewo kunacokera dzina laulemu lakuti Augustus, limene linapatsidwa kwa wolamulira wa Roma m'caka ca 27 Kristu asanabadwe, ndipo mwezi wa Ogasiti unachedwa ndi dzina la iyeyo. Tsono mukamalemba deti pa bolodi m'mwezi wa Ogasiti, dziwani kuti mukulemba mbale wake wa liu lathu la lero.

Mapasa awiri ndi mfumu imodzi

Nthano ya Aroma imati mzinda wao unakhazikitsidwa m'caka ca 753 Kristu asanabadwe ndi anyamata awiri, Romulus ndi Remus. Popeza anali mapasa, panalibe wamkulu woti nkulandira ufumu popanda mkangano, cotero anapangana kuti mbalame ziweruze. Romulus anakhala pa phiri la Palatine, Remus pa phiri la Aventine. Remus ndiye anayamba kuona, ndipo anaona miimba 6. Uthenga wake uli m'kamwa, Romulus anaona miimba 12. Pomwepo phokoso linabuka. Otsata Remus anati ufumu ndi wa amene anayamba kuona. Otsata Romulus anati ndi wa amene anaona yambiri. Pa ndeuyo Remus anaphedwa, ndipo mzinda unatenga dzina la Romulus. Iyi ndi nthano, koma phunziro lake ndi loona. Anyamatawo anabvomerezana za woweruza, naiwala kubvomerezana za lamulo loweruzira. Lamulo lopezera wopambana liyenera kumveka mpikisano usanayambe.

Mfumu yaciwiri, Numa Pompilius, inalowa mwa njira ina. Livy, wolemba mbiri amene anakhala m'masiku a Augustus, anafotokoza mwambo wake mwatsatanetsatane. Numa sanali wa mu Roma. Anali wa mtundu wa Asabine, wodziwika ndi cilungamo. Anthu atamsankha, akulu a Senate atabvomereza, iye anati sakhala pampando milungu isanafunsidwe. Wansembe anapita naye pamwamba pa linga la mzinda namkhazika pa mwala, nkhope italoza kumwera. Wansembeyo anakhala kumanzere kwake, atafunda kumutu, nalozera malire a mlengalenga ndi ndodo yake. Kenaka anasinthira ndodo ku dzanja lamanzere, naika dzanja lamanja pamutu pa Numa, napempha Jupiter kuti aonetse cizindikiro comveka ngati munthu ameneyu ayenera kukhala mfumu. Zizindikiro zitaoneka, Numa anatsika ali mfumu.

Taonani zinthu zimene ziri m'mwambo umenewu. Munthu wasankhidwa kale, koma sanayambe kulamulira. Pali wina womuika, amene si iye mwini. Pali mphamvu ina yoposa onse awiri imene ikufunsidwa. Ndipo zonse zikucitikira poyera. Zinthu zinai zimenezi tidzazipezanso m'mwambo wa masiku ano.

Nkhuku zokana kudya

Asilikali a Roma popita kunkhondo sanali kudikira mbalame za m'thengo. Anali kunyamula nkhuku zopatulika m'citatanga. Nkhondo isanayambe, wosunga nkhukuzo anali kutsegula ndi kuziwazira cakudya. Zikadya mwadyera mpaka zina kugwa m'kamwa, cinali cizindikiro cabwino. Zikakana, cinali coipa.

M'caka ca 249 Kristu asanabadwe, Roma ali pa nkhondo ndi mzinda wa Carthage, kazembe wochedwa Publius Claudius Pulcher anafuna kuthira nkhondo zombo za adani pa doko la Drepana, pa cisumbu ca Sicily. Olemba mbiri a Ciroma amati nkhuku zinakana kudya, ndipo kazembeyo atapsa mtima analamula kuti aziponye m'nyanja, nati popeza sizifuna kudya, zimwe. Tsiku limenelo Aroma anataya zombo 93. Atabwerera kwao anamzenga mlandu namlipiritsa ndalama zambiri. Ife tidziwa kuti nkhuku sizipambanitsa nkhondo. Cimene cinapweteka Aroma cinali cakuti munthu amene anampatsa udindo anadziyesa woposa mwambo umene unali kumanga aliyense.

Analiponso ena amene anasandutsa mwambowo cida. M'caka ca 59 Kristu asanabadwe, Marcus Bibulus anali kulamulira mzinda pamodzi ndi Julius Caesar, ndipo awiriwo sanali kumvana. Bibulus anadzitsekera m'nyumba miyezi yambiri, namalengeza kuti akupenda kumwamba, kuti malamulo onse a Caesar ayesedwe opanda mphamvu. Caesar sanasamale, anapitiriza. Mmodzi anapotoza mwambo, wina anauponda, ndipo pasanathe zaka 30 ulamuliro wa masankho mu Roma unagwa, mzinda nukhala m'manja mwa munthu mmodzi.

Ulendo wa liu kunka m'Cingerezi

Cikristu citafalikira, mfumu Theodosius inaletsa miyambo ya milungu yakale ca m'ma 391 ndi 392 Kristu atabadwa, ndipo nchito ya ansembe openda mbalame inatha. Koma liu silinafe. Linatsala m'mabuku a Cilatini, amene anthu ophunzira a ku Ulaya anapitiriza kuwerenga zaka mazanamazana. Linalowa m'Cifalansa, ndipo m'zaka za m'ma 1500 linayamba kuoneka m'mabuku a Cingerezi. Mbalame zinaiwalika, cimene cinatsala ndi ganizo la ciyambi ca mwambo, cocitika pamaso pa anthu.

Liuli linapeza nchito yake yaikulu pamene maiko ena analeka kulamulidwa ndi mafumu obadwa nayamba kusankha atsogoleri. Mfumu ya ku Britain imabvekedwa cisoti cacifumu, ndipo mwambowo umachedwa "coronation", monga zinacitikira Elizabeth II pa 2 Juni 1953 ndi Charles III pa 6 Meyi 2023. Koma anthu a ku United States of America atadzicotsa mu ulamuliro wa Britain analibe cisoti coti abveke munthu, ndipo sanacifune. M'malo mwake analemba m'malamulo aakulu a dziko lao lumbiro lalifupi, la mau 35, limene pulezidenti ayenera kunena asanayambe nchito. Pa 30 Epulo 1789 George Washington anaima pa khonde la nyumba ya Federal Hall mu mzinda wa New York, khamu la anthu likupenya kucokera mumseu, nalumbira pamaso pa Robert Livingston, woweruza wamkulu wa cigawo ca New York. Atatero anakamba mau ake oyamba monga pulezidenti, ndipo mwambo wa mau oyambawo ukalipo.

Mau otere sakhala ndi muyeso. Pa ulendo wake waciwiri, mu 1793, Washington anakamba mau 135 okha. William Henry Harrison mu 1841 anakamba mau oposa 8,000, pafupifupi maola awiri, ataima panja tsiku lozizira. Anamwalira patangopita mwezi umodzi, ndipo zambiri zimene analonjeza sanazione. Mu 1925 mwambo wa Calvin Coolidge unakhala woyamba kuulutsidwa pa wailesi m'dziko lonselo, cotero mboni sizinalinso okhawo oima pabwalo, koma aliyense wokhala pafupi ndi wailesi, monga mwakhalira inu tsopano. Tsiku la mwambo linali 4 Marichi, pakuti kale maulendo a pa akavalo anali kutenga masabata. Njanji ndi galimoto zitafupikitsa mitunda, kudikira miyezi inai kunaoneka kotalika, ndipo kuyambira 1937 tsikulo linakhala 20 Januwale.

Kodi mtima wa mwambo umenewu uli pati? Zocitika ziwiri zitithandiza kuona. Usiku wa pa 2 Ogasiti 1923 Pulezidenti Warren Harding anamwalira mwadzidzidzi. Waciwiri wake, Coolidge yemwe uja, anali kumudzi kwa atate wake ku Vermont, m'nyumba yopanda magetsi. Mbandakuca wa pa 3 Ogasiti atate wakewo, amene anali ndi cilolezo ca boma columbiritsa anthu, anamlumbiritsa pa kuwala kwa nyali ya parafini. Ndipo pa 22 Novembala 1963, John Kennedy ataphedwa ku Dallas, Lyndon Johnson analumbira m'kati mwa ndeke pamaso pa woweruza wamkazi, Sarah Hughes. Panalibe gulu la nyimbo, panalibe perete wa asilikali, panalibe phwando. Panali lumbiro, wolumbiritsa ndi mboni, ndipo zimenezo zinakwanira.

Caka cina coyenera kucikumbukira ndi 1801. John Adams atagonja pa masankho anasiyira mpando Thomas Jefferson, wa cipani cotsutsana naye. Adams anali wowawidwa mtima, ndipo anacoka mu mzinda wa Washington m'mamawa osadikira mwambo. Komabe anacoka, ndipo ulamuliro unasamuka kucoka ku cipani cina kunka ku cina popanda mfuti kulira.

M'dziko lathu la Zambia

Pakati pa usiku, tsiku la 23 likuthera m'tsiku la 24 Okutobala 1964, pa bwalo la Independence Stadium mu Lusaka, mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo mbendera ya Zambia inakwezedwa. Pa 24 Okutobala pomwepo a Kenneth Kaunda, ali ndi zaka 40, analumbira kukhala Pulezidenti woyamba. Tsiku lomwelo ku Tokyo m'dziko la Japan kunali kutseka masewera a Olympic, ndipo anyamata athu amene analowa m'masewerawo m'dzina la Northern Rhodesia anaturuka m'dzina la Zambia.

Pambuyo pa a Kaunda analumbira a Frederick Chiluba pa 2 Novembala 1991, a Levy Mwanawasa pa 2 Januwale 2002, a Rupiah Banda pa 2 Novembala 2008, a Michael Sata pa 23 Seputembala 2011, a Edgar Lungu pa 25 Januwale 2015, ndi a Hakainde Hichilema pa 24 Ogasiti 2021. Mukapenda mndandanda umenewu mupeza kuti mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021 mpando unacoka ku cipani colamulira kunka ku cipani cotsutsa, ndipo wogonja anabvomera. Mu 2008 ndi mu 2014 Pulezidenti anamwalira ali pa udindo, dziko linalira, masankho anacitika, ndipo wina analumbira. Maiko ambiri anakhetsa mwazi pa mphambano zotere. Cimene cinatithandiza ife ndi cija cinasowa kwa Romulus ndi Remus: lamulo lopezera wopambana linalembedwa mpikisano usanayambe, ndipo anthu analilemekeza.

Ikani tsono mwambo wathu pambali pa mwambo wa Numa. Wosankhidwa sayamba nchito tsiku limene mavoti awerengedwa. Amadikira tsiku la lumbiro. Sadzilumbiritsa yekha, amamlumbiritsa Woweruza Wamkulu wa dziko. Amalonjeza kusunga ndi kuteteza malamulo aakulu a dziko, amene ali pamwamba pa iye ndi pa woweruzayo. Ndipo amatero pabwalo, mtundu wonse ukumva. Pa mbendera yathu pali nkhwazi, koma sitiifunsa kanthu. Cilolezo cimene Aroma anali kucifuna kumwamba, ife timacifuna kwa anthu oponya voti.

Nanga mlatho uja? Zomanga zazikulu nazonso ziri ndi tsiku lao. Damu la Kariba linatsegulidwa pa mwambo pa 17 Meyi 1960 ndi amai a Mfumukazi Elizabeth II. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inayamba kumangidwa mu 1970 ndi cithandizo ca dziko la China, ndipo inaperekedwa m'manja mwa Zambia ndi Tanzania pa mwambo mu Julayi 1976. Amisiri amakhala atamaliza kale nchito yao, mwina sitima zayesedwa kale panjanjipo. Cimene tsiku la mwambo limacita ndi kulengeza kuti cinthuci caturuka m'manja mwa omanga, tsopano ndi ca anthu onse, ndipo alipo amene adzayankha cikaonongeka.

Mwambo umene makolo athu anaudziwa

Musaganize kuti nzeru imeneyi inabwera ndi zombo. Pakati pa Acewa mfumu sidziika yokha. Akulu a banja lacifumu, makamaka amai a mbumba, amakhala pansi nasankha woyenera kulowa dzina. Wosankhidwayo amamlanga, kumuuza zoyenera ndi zosayenera mfumu: kuti asakondere poweruza, asanyoze wamasiye, asatseke khomo kwa mlendo. Atatero amamturutsira pabwalo, ndipo mfumu yaikulu imamlonga anthu onse akupenya. Dzina lakuti Kalonga, la Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika m'boma la Katete, amalimasulira kuti wolonga mafumu. Mwambi wakuti mutu ukakula sulewa nkhonya umanenedwa kwa munthu wotere, kumkumbutsa kuti walandira katundu.

Angoni a Mpezeni ali ndi mwambo wa Nc'wala, umene unayambanso mu 1980 ndipo umacitikira ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa Febuluwale. Mfumu imalawa zipatso zoyamba za m'munda, kuthokoza Mulungu ndi makolo, ndipo pamenepo nyengo ya kudya zatsopano yatseguka. Cimanga cimakhala citakhwima kale m'munda, koma mwambo ndiwo umati tsopano idyani. Mroma wakale akadafika pa Mtenguleni akadazindikira cimene cikucitika.

Kagwiritsidwe nchito ka liuli

Tsopano aphunzitsi, lembani pa bolodi mau atatu awa. Loyamba ndi mneni, "inaugurate". Laciwiri ndi dzina la mwambo, "inauguration". Lacitatu ndi mfotokozi, "inaugural". Ana ambiri amaiwala "u" mmodzi polemba. Auzeni kuti m'kati mwa mau onse atatu mwabisala wansembe uja, "augur", ndipo iye ali ndi "u" awiri.

Liuli limagwira nchito m'njira zitatu, ndipo Cinyanja ciri ndi liu lake pa njira iriyonse. Likanena za munthu, ife timati kulumbiritsa, kulonga kapena kuika pampando. Likanena za nyumba, mseu, mlatho kapena cipatala, timati kutsegulira. Likanena za bungwe, mpikisano kapena nyengo yatsopano, timati kukhazikitsa kapena kuyambitsa. Pomasulira, yambani mwafunsa kuti cimene cikuyambikaco nciani, kenaka sankhani liu loyenera.

Zindikirani kuti ponena za munthu, Cingerezi cimati "The President was inaugurated", ndiye kuti anacita kuikidwa ndi ena. Mwana akalemba kuti "The President inaugurated", ciganizo cake catsala m'njira, ndipo womva adzafunsa kuti anatsegulira ciani. Pulezidenti angathe kutsegulira mlatho, koma sangadzitsegulire yekha. Apa malamulo a cinenero akusunga mbiri yonse imene takamba.

Mfotokozi "inaugural" amanena za cinthu coyamba pa mndandanda wa zinzake zimene zidzatsata. "Inaugural address" ndi mau oyamba a mtsogoleri atangolumbira. "Inaugural meeting" ndi msonkhano woyamba wa bungwe latsopano, monga umene unacitika ku Durban mu Julayi 2002 pokhazikitsa African Union. "Inaugural flight" ndi ulendo woyamba wa ndeke pa njira yatsopano. "Inaugural lecture" ndi phunziro la poyera limene mphunzitsi wa pa yunivesite amapereka atakwezedwa kukhala pulofesa. Anyamata okonda mpira angakondwe kudziwa kuti mpikisano woyamba wa World Cup unacitikira ku Uruguay mu 1930, ndipo woyamba wa Africa Cup of Nations unacitikira ku Khartoum mu 1957, ndi matimu atatu okha: Egypt, Sudan ndi Ethiopia. Yonse iwiri m'Cingerezi imachedwa "inaugural". Msonkhano waciwiri wa bungwe sulandira dzina limeneli. Koma mtsogoleri akasankhidwanso amalumbiranso, pakuti nyengo yake yoyamba yatha ndipo cilolezo ayenera kucilandira mwatsopano.

Cenjerani ndi kulemetsa nkhani zazing'ono ndi liu lalikulu. Cingerezi ciri ndi "begin" ndi "start" za masiku onse, ndiponso "commence" la m'makalata a boma ndi m'makhoti. Mau amenewa safuna mwambo. Mvula imayamba, phunziro limayamba, mwana amayamba kuyenda. Koma "inaugurate" limafuna tsiku loikika, munthu waudindo ndi mboni. Munthu sacita "inaugurate" mbale ya nsima kapena nsapato zatsopano, pokhapokha ngati akuseka. Kuba, matenda ndi ngozi sizilandiranso liuli, pakuti palibe amene amasonkhanitsa anthu kudzadalitsa zoipa.

Mau otsiriza

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mlimi amadziwa za munda wake poona mmene mbeu zamerera, ndipo mtundu wa anthu umasamala za tsiku loyamba pa cifukwa comweco. Mau amene mtsogoleri amanena pa tsikulo ndi ngongole, ndipo onse amene anamva ndiwo eni ngongoleyo. Inu ana, tsiku lina mudzamva mwambo wotere pa wailesi kapena kuuona pa wailesi ya kanema. Nyimbo mudzazimva, asilikali mudzawaona, koma pamene dzanja lakwezedwa cherani khutu ku mau a lumbiro, ndipo muwasunge, kuti zaka zikapita mudzathe kuyesa nchito ndi lonjezo. Ngakhale pa sukulu panu, tsiku limene aphunzitsi aakulu aimika atsogoleri a ana pamaso pa sukulu yonse ndi kuwauza nchito yao, mwambo wake ndi womwewo, ndipo amene waimikidwayo ayenera kudziwa kuti udindo wacita kupatsidwa.

Aphunzitsi, phunziro likatha kambiranani ndi ana mafunso awa. Kodi nchito ya "augur" inali yosiyana bwanji ndi ya woombeza ula? Ndi colakwa canji cimene Romulus ndi Remus anacita asanakwere mapiri ao? Chulani zinthu zinai zimene zinali m'mwambo wa Numa, ndipo muzipeze m'mwambo wolumbiritsa Pulezidenti wa Zambia. Pomaliza, tumani ana akafunse akulu a kwao mmene mfumu kapena nyakwawa ya m'dera lao inalongedwera, ndani anaisankha, ndani anailanga, ndipo inalonjeza ciani. Alembe zimene amva m'Cinyanja, ndi ciganizo cimodzi ca Cingerezi cokhala ndi liu limene taphunzira lero.